Zikomo nonse, talowa m'nyumba yathu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine ndi ana anga talowa m'nyumba yathuyathu, ya njerwa zowotcha, yofolera ndi malata. Ndi yaing'ono, zipinda ziwiri ndi pabalaza, koma ili pachidikha, kutali ndi phiri. Ulemu upite kwa Mulungu, komanso ndithokoze anthu amene Iye anawatuma kwa ife.

Ambiri mukudziwa zimene tadutsamo. Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula usana ndi usiku, napolo anatsika m'phiri la Soche. Miyala ndi matope zinakokolola nyumba ku Chilobwe, yathu inapita nawo. Mchemwali wanga ndi mwana wake anakwiririka. Thupi la mchemwali linapezeka, la mwana silinapezeke mpaka lero. Dziko lathu linataya anthu oposa 1,000 ndipo boma linalengeza masiku 14 olira maliro. Masikuwo atatha anthu anabwerera ku ntchito zawo, ife tidakali m'kalasi la pasukulu, tikugona pansi.

Ndiyambe ndi anyamata aja amene anakumba matope ndi makasu, ena ndi manja okha, mvula ikuwavumba. Maina anu sindiwadziwa onse, koma ndinu amene munatulutsa mwana wanga wamwamuna ali moyo. Madokotala ndi anamwino aku Gulupu, munasamala mwendo wake pamene ovulala anali mbwee mpaka m'makhonde. Lero akuyenda yekha kupita kusukulu. A Red Cross ndi alangizi a zaumoyo, munalimbikira zoti tithire klorini m'madzi chifukwa kolera inali itavuta chaka chimenecho, ndipo ana anga sanadwale.

Amayi a Mvano, inu ndiye ndikusowa poyambira. Munabwera ndi ufa, zitenje ndi bonya, inde, koma chimene sindidzaiwala n'choti munkakhala nane pamphasa osandifunsa mafunso. Pa nthawiyo pakamwa panga panali patauma, pemphero silinkatuluka. Munkapemphera inu, ine n'kumangoti ameni. Miyezi ingapo chikhulupiriro changa chinali ameni ameneyo basi.

Pali mawu amene ndinawamva kumsasa kuja omwe ndikufuna kuwayankha poyera. Ena ankati napolo ndi chilango, ena ankati amene anapulumuka ndiwo opemphera kwambiri. Ayi, abale anga. Mchemwali wanga anali wa kwaya, ankandidzutsa ndi iye kupita ku mapemphero a m'mamawa. Sindinapulumuke chifukwa chomuposa. Mvula inachuluka, phiri linali litatha mitengo, ife tinamanga m'munsi mwake chifukwa ndi pamene ndalama zathu zinafika. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye chete. Analakwa atayamba kumufufuzira tchimo, ndipo Mulungu mwini anawadzudzula. Chonde, mukapita pamaliro musanyamule mawu oterewa.

Abusa athu, zikomo chifukwa simunandiletse kulira. Nditakuuzani kuti Mulungu ndamukwiyira, munanditsegulira Masalimo n'kundionetsa kuti Davide nayenso ankamufunsa Mulungu kuti adzamuiwala mpaka liti. Munati ndikamufunsa chotero ndiye kuti ndikulankhulabe naye. Kupirira kwanga kunayambira pamenepo. Ndinkadandaula, koma ndinkadandaulira Iye yemweyo, ndipo Lamulungu lililonse ndinkadzikoka kupita kutchalitchi ngakhale mtima usakufuna.

Kumanga nako sikunali kophweka. Titangoumba njerwa, mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, simenti ndi malata zinakwera mtengo, ndalama imene tinasunga inangokhala ngati madzi a m'dengu. Chaka cha 2024 kunabwera ng'amba, chimanga chinadula, ya malata ina tinagulira chakudya. Khoma linaima pawindo nthawi yaitali, udzu n'kumera m'kati. M'masiku amenewo ndinkawerenga kumapeto kwa Habakuku, pamene mneneri akuti adzakondwerabe mwa Yehova ngakhale mkuyu usaphuke ndipo m'khola mulibe ng'ombe. Kukondwera kunkandikanika, koma ndinkawerengabe.

Amayi anzanga a banki mkhonde, munandidikira pa ngongole ndipo munandipatsanso mpamba woyambira geni ya tomato. Achimwene anga ku Joni, ndikudziwa kuti zimene munkatumiza munkachita kudzimana. Abambo a mlaga wathu, munasenza mitengo ya denga Loweruka, mmisiri n'kukana kulandira ndalama yonse. Aphunzitsi amene munalola ana anga kulowa m'kalasi opanda yunifolomu, Mulungu akukumbukireni.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Alipo anzathu amene anabwerera kukachita lendi m'munsi mwa phiri momwemo chifukwa alibe kolowera, ndipo mitambo ikada sagona. Alipo amene, ngati ife, alibe manda oti akaikepo nkhata. Muziwapempherera, ndipo amene muli ndi kanthu muziwayendera.

Lamulungu likubwerali tikapereka chopereka chathu cha mayamiko kutchalitchi. Tikaweruka, nonse bwerani kunyumba, abusa adzaipempherera. Mipando ndi yochepa, amayi mutenge zitenje zokhalira. Thobwa ndaphika kale.