Za ku Brakpan: Amene Anathawa Mumdima Akudziwika

Patha masabata awiri koma mkangano pagulu lathu wa amene anathawa mumdima sukutha, ndiye ndati ndilembe mmene tinayendera. Wotsutsa abwere ndi mboni.

Tinanyamuka ku Rosettenville, ku Joni, Loweruka pa 21 Meyi 2016, anthu 11, pa minibasi ya hayala, kupita ku Carnival City, malo a zisangalalo ku Brakpan, kukaonera gulu loimba la Iron Maiden. Alamu anga anali atanenetsa kuti nyimbo zimenezi ndi za satana, koma ndi iwo omwe anatiphikira nsima ndi usipa wochokera kumudzi. Pachipata anatikaniza kulowa ndi zakudya, moti tinadyera kuseri kwa minibasi, chiimire, kukuzizira ngati Juni wa ku Dedza. Msungichuma anamaliza mitanda inayi. Ndinawerenga ndekha.

Mlembi wati ndilembenso zomwe tinaphunzira, ndiye nazi. Gulu la Iron Maiden analiyambitsa Steve Harris ku London mu 1975, ndipo ndi iye analemba nyimbo ya Fear of the Dark yomwe inatuluka mu 1992. Imakamba za munthu woyenda yekha usiku, akumva ngati wina akumutsata pambuyo.

Nyimboyo itayamba, pang'onopang'ono ngati ya pamaliro, khamu lonse linapokera lokha woimba asanatsegule pakamwa. Tsitsi linandinyawuka. Ndinakumbukira njira ya kumanda kwathu ku Ntcheu, pomwe tinkadutsa chothamanga kadzidzi akalira. Kumeneko mantha unkabisa kuopa kusekedwa. Apa azibambo a ndevu zawo ankawaimba mokuwa atakolekerana manja, ng'oma zitachita kuthamanga. Atcheya anandikuwira m'khutu kuti kuyambira lero mdima ndi mnzawo. Mawu amenewa muwasunge.

Pobwerera, cha m'ma 12 koloko usiku, minibasi inazima pamsewu wa N17, pamalo popanda nyale ndi imodzi yomwe. Dalaivala anati titsike tikankhe. Mukudziwa nonse kuti usiku wa ku Joni sitiopa afiti, timaopa anyamata a mipeni. Tili mkati mokankha, mu udzu munamveka tswatswa. Tisanatembenuke n'komwe, Atcheya anali kale pampando wakutsogolo atakhoma chitseko, ife tili panja.

Anali galu, wowonda, wa mchira umodzi ngati agalu onse.

Amene anatilimbitsa mtima ndi Achemwali athu, omwe aja amagona nyale ili chiyakire. Anayamba kung'ung'udza nyimbo ija, tonse tinapokera, mpaka injini inalira. Atcheya akuti ankateteza chikwama cha ndalama, koma chikwamacho chinali m'khwapa mwa msungichuma.

Zikomo alamu chifukwa cha usipa, Ankolo potibwereka majekete, ndi dalaivala yemwe sanatilipiritse zokankha. Atatu amene simunamalize ya hayala, msungichuma akukudikirani Lamlungu. Atcheya, inu mubwere ndi tochi.