Zithunzi zija zapulumuka, zikomo alamu

Abale, hard drive ija inawonongeka, disiki yanga yosungira zithunzi za makasitomala, yatulutsa zithunzi. Maukwati, zinkhoswe, mavidiyo a kwaya yathu, pafupifupi zonse zabwerera. Ambuye alemekezeke! Chiyambire kulira tiki tiki disiki ija, ine tulo ndinalibe, eni zithunzi akuimba foni usana ndi usiku.

Alamu, kaya ndinene chiyani kwa inu? Munandiletsa kumangoiyatsayatsa, munati disiki yodwala ikamakakamizidwa imafa msanga. Munabwera ndi flash ya Linux, pulogalamu yoyendetsera kompyuta, n'kuyamba kukopera disiki yonse ya 2TB ku ina yatsopano ndi ddrescue, pulogalamu yokopera zinthu kuchokera pa disiki yodwala. Ntchito ili mkati magetsi anathima, laputopu yanga yakale ija osayakanso mpaka lero. Ndinalira ndithu. Ndinkaona kuti tiyambiranso poyamba, ndipo disikiyo sikanapirira kuwerengedwa yonse kachiwiri.

Inu osatekeseka n'komwe. Kafayilo kaja ka mapfile, momwe ddrescue imalemba malo amene yakopera kale, amene yalephera kuwerenga ndi amene sinafikepo, munali mutakasunga pa flash ina. Tinanyamula madisiki onse awiri kupita kwanu, n'kulumikiza pa kompyuta yanu.

Chimene sindidzaiwala ndi ichi. Linux imapatsa madisiki mayina, ndiye disiki imene kwathu inkaoneka ngati sdb, kwanu inatuluka ngati sdc. Munakhala phee, kufananiza ma serial number mobwerezabwereza musanadine Enter. Munati mayinawa akasinthana, disiki yatsopanoyo ilembedwa pa yodwalayo n'kufufuta zonse zimene tinali tisanapulumutse. Kenako ddrescue inapitiriza pomwe inalekezera, ine mtima uli m'malere.

Mafoda ena anawonongeka, ndiye munawafukula ndi PhotoRec, pulogalamu yofufuza mafayilo otayika, pa disiki yatsopanoyo, yakale osaikhudzanso. Mayina a mafayilo anatayika, angotsala manambala, ndiye ndili pa ntchito yosankha ukwati uliwonse pawokha. Makasitomala anga, ndipirireni pang'ono.

Achemwali, zikomo posunga nsima mpaka usiku ndi kutilola kudzaza tebulo lanu ndi mawaya. Amayi a Mvano, mapemphero anu ndinawamva. Aja munkati "ingopangani format, zapita basi", ndi aja munasiya kuyankha foni nditangotchula zobwereka kompyuta, ndakuonani.

Alamu, munakana ngakhale ya minibasi. Mulungu akudalitseni, akupatseni makasitomala osefukira. Ukwati wa mwana wanu ndidzajambula ine, ulere, ndipo musadzatsutse.