Ku Bhopal Ankhoswe Amafunsabe za Usiku wa mu 1984

Ku India ndinapita ngati wodwazika matenda. Achimwene anga anawatumiza ku chipatala china ku New Delhi, ndipo aliyense amene anadwazikapo akudziwa kuti imafika nthawi yoti wodwala wayamba kupezako bwino, madokotala akungodikira zotsatira, iwe n'kumangozungulira m'makhonde wopanda chochita. Alamu anga atabwera kudzandilandira, ndinati ndikapitidweko mphepo. Anzathu ambiri zikatere amathamangira ku Agra kukajambulitsa pa Taj Mahal. Ine ndinakwera sitima ya Shatabdi mbandakucha kulowera kummwera. Imadutsa pa Agra pomwepo, kenako Gwalior ndi Jhansi, n'kufika ku Bhopal, likulu la chigawo cha Madhya Pradesh, dzuwa litapendeka.

Mzindawu ndi wokongola, ndisaname. Pakati pake pali nyanja ziwiri, ndipo madzulo anthu amakhamukira m'mbali mwa yaikuluyo, Upper Lake, kukadya chimanga chootcha. Pali mzikiti waukulu wa miyala yofiirira, Taj-ul-Masajid, womwe anayambitsa kumanga ndi mfumukazi Shah Jahan Begum. Pakati pa 1819 ndi 1926 dera limeneli linalamulidwapo ndi amayi anayi, ndipo anthu akumeneko amazinena monyadira. M'mawa amadya poha, mpunga wophwathalala wokazinga ndi anyezi, n'kuphatikiza jalebi wotsekemera zedi. M'tauni yakale tiyi amathiramo kamchere. Poyamba ndinachita tsinya, kenako ndinaitanitsa kapu ina.

Amene ankandimasulira anali mtsikana wa pakoleji, mphwake wa namwino wina yemwe tinazolowerana naye ku Delhi. Iyeyu ndi amene ananditengera kumpoto kwa tauni yakale, pa kagalimoto ka matayala atatu, kukaona fakitale ya kampani ya Union Carbide, komwe kunachitika ngozi ya mpweya wa poizoni mu 1984. Munthu salowa wopanda chilolezo cha boma, choncho tinangoima kunja. Ukasuzumira umaona mapaipi adzimbiri ndi nsanja zachitsulo zitazingidwa ndi tchire. Mpanda wake ngolembedwalembedwa mawu okwiya. Kutsidya kwa msewu, ku J.P. Nagar, kuli chiboliboli chomwe Ruth Waterman anaumba mu 1985: mayi akuthawa, dzanja lina waphimba nalo kumaso, lina wanyamulira khanda. Chimene chinandidzidzimutsa ndi kufupika kwa msewuwo. Kuchoka pampanda kufika pakhomo la munthu ndi mapazi owerengeka chabe.

Fakitaleyi inkapanga Sevin, mankhwala opopera mbewu. Usiku wa pa 2 kuchera pa 3 Disembala 1984, madzi analowa m'thanki nambala 610 momwe munali methyl isocyanate. Mankhwalawa akakumana ndi madzi amatentha n'kuwira. Makina oziziritsa thankiyo anali atazimitsidwa kalekale, nsanja yowotchera mpweya woipa inali yosagwira ntchito, ndipo matani pafupifupi 40 anafwamphukira kunja anthu ali m'tulo. Kampani inati wina anachita dala, pomwe ogwira ntchito ndi ofufuza a boma la India analoza chala kunyalanyaza ndi kuumira ndalama. Mpweyawo ndi wolemera, unkayenda chokwawa, n'chifukwa chake ana anaupuma kwambiri. Anthu podzuka ankaganiza kuti wina akuwotcha tsabola. Amene anathamanga ndi amene anaukokera wambiri m'mapapo. Boma la chigawochi linavomereza imfa 3,787, mabungwe a opulumuka amanena za anthu 8,000 kapena kuposa m'masiku oyambirira okha, ndipo opitirira theka la miliyoni anaupuma.

Zonsezi munthu akhoza kuziwerenga ali ku Ndirande. Zimene sindikanazidziwa ndili kwathu ndinazimva tsiku lotsatira ku Karond, komwe boma linamanga nyumba zosanja zoposa 2,000 za amayi amene amuna awo anafa ndi mpweyawo. Mpaka lero anthu amangopatcha kuti kwa amasiye.

Mayi amene tinakawachezera amakhala m'mwamba. Tinakumana nawo pansi akuchokera kogula ndiwo, ndipo pokwera masitepe ankaima pakona iliyonse, dzanja pakhoma, chifuwa chikulira ngati muli kamluzu. Amene anaganiza zopatsa anthu owonongeka mapapo nyumba zokwera masitepe sindikudziwa kuti mutu wake unali kuti. Titakhala pamphasa, womasulira uja ankawaitana kuti Amma. Asanayambe kulankhula anatulutsa kachitini ka mabisiketi. Munali kopopera mankhwala a mphumu, khadi la chipatala la okhudzidwa ndi mpweya, ndi mapepala achikasu okutidwa m'pulasitiki, opindidwa mpaka kung'ambika m'mizere. Nyumba iliyonse imene ndinalowa inali ndi mpukutu wotere. Popanda mapepala, munthu sanganene kuti analipo usiku umenewo.

Mu 1984 anali mtsikana wongokwatiwa kumene, mwana mmodzi kumanja. Amuna awo ankanyamula katundu pamsika, ndipo anamwalira patangopita masiku ochepa. Maliro atatha, apongozi anagamula kuti akwatiwe ndi mng'ono wa malemuwo. Nditamva zimenezo ndinangoti, chokolo chomwechi! Iwo ankati sanafunsidwe maganizo. Ankakhulupiriranso kuti apongozi ankawerengera kuti ndalama za chipukuta misozi zikadzabwera zisatuluke pakhomo. M'banja lachiwirilo anapita padera kangapo. Mwamunayo anatopa, anakapeza mkazi wina kumudzi kumene mpweya sunafike, ndipo sanabwererenso. Kukhoti sanapiteko. Pamapepala, mayiwa ndi wamasiye wa mwamuna woyamba. M'maso mwa abale, ndi mkazi wa wachiwiri. M'nyumba, ali okha ndi mdzukulu.

Izi si za ku Bhopal kokha. Kalembera wa mu 2011 anapeza kuti ku India anthu ongopatukana ukwati osathetsedwa mwalamulo ndi ochuluka kwambiri kuposa osudzulana, ndipo ambiri mwa iwo ndi amayi. Lamulo lolola Ahindu kusudzulana lilipo kuyambira 1955, ndipo lolola mkazi wamasiye kukwatiwanso linakhazikitsidwa mu 1856. Koma m'makwalala ngati a ku Karond, banja silithera pamaso pa woweruza. Mkazi amangouzidwa kuti kapumeni kaye kwanu, ndipo palibe amene amabwera kudzamutenga. Mwamuna amakwatira mwakachetechete, mkazi sangatero chifukwa akadali mkazi wa mwini.

Tili mkati mocheza analowa mayi wina wapafupi, Msilamu, wocheperapo msinkhu. Usiku wa ngoziyo anali kamtsikana, ndipo bambo ake ndi amene anamunyamula pothawa. Atakula, makolo anamupezera mwamuna wa tauni ina, osaulula kumene anakulira. Mwana woyamba anabadwa wolumala, mpaka lero sayenda. Akuchimuna atafufuza n'kudziwa za J.P. Nagar, anati anapusitsidwa, anagulitsidwa mbuzi yodwala. Mwamuna ananena mawu a talaq katatu, ukwati n'kuthera pomwepo. Chaka chisanathe anali atakwatira wina. Mayiyo anafotokoza zimenezi akusenda adyo, osakweza mawu, ndipo ine ndi amene ndinkaoneka wotekeseka.

Mchitidwe wothetsa ukwati ndi mawu atatu nthawi imodzi khoti lalikulu la India linauletsa mu 2017, ndipo mu 2019 unasanduka mlandu. Kwa mayi ameneyu zinabwera madzi atafika kale m'khosi. Chodabwitsa, mlandu wotchuka kwambiri wa mkazi wosudzulidwa m'dzikolo unachokera m'chigawo chomwechi. Shah Bano wa ku Indore anawina kukhoti lalikulu mu Epulo 1985, miyezi yochepa chichitikire ngozi ya Bhopal, kuti mwamuna wake wakale azimupatsa ndalama zothandizira. Chaka chotsatira nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lofooketsa chigamulocho. Ndiye kuti zaka zimene amayi a ku Bhopal ankabwezedwa kwawo chifukwa cha chifuwa ndi mimba zopita padera, ndi zomwezonso zimene andale ankakangana ngati mkazi wosudzulidwa ayenera kulandira kanthu.

Ndisakondere mbali. Abambo nawonso anaona zakuda. Ambiri m'madera amenewa ankadya thukuta lawo, kunyamula matumba, kukankha ngolo, kumanga nyumba, ndipo munthu wopuma mobanika sangachite zimenezo. Mwamuna wongokhala pakhomo, mkazi akusoka kapena kupichira fodya wa bidi kuti ana adye, nyumba imeneyo mtendere umasowa. Anyamata ena anakanidwa mbeta chifukwa chomwecho. Komabe pa zonse zimene ndinamva, bambo wofedwa ankakwatiranso pasanapite nthawi ndipo anthu ankati wachita bwino, ana apeze wowalera. Mkazi wofedwa ankayembekezereka kukhala choncho, pokhapokha apongozi atakhala ndi chifukwa chawo.

Ndipo mwana akabadwa ndi vuto, mlandu umagwera mayi. Bambo akhoza kukhala kuti nayenso anaupuma mpweyawo, kapena wamwa madzi a m'dera lomwelo moyo wake wonse, koma apongozi sadikira zotsatira za kulabotale.

Nkhani ya madziyi ndi ngozi yachiwiri. Kwa zaka zambiri fakitale inkataya zinyalala za mankhwala m'maenje ndi m'maiwe oumitsira padzuwa, ndipo poizoni analowerera pansi mpaka kufika m'mijigo ya anthu ozungulira. Mu 2004 khoti lalikulu linalamula boma kuti lipereke madzi abwino kumadera amenewa. Mu Januwale 2025 ndi pamene matani 337 a zinyalala anachotsedwa pafakitalepo kupita ku Pithampur kukawotchedwa, patatha zaka 40, ndipo dothi loipitsidwalo likadali pomwepo. Choncho ngakhale mtsikana wobadwa m'zaka za m'ma 2000 amafunsidwabe kuti kwanu mumamwa madzi a kuti.

Ukwati wambiri kumeneko amakonza ndi makolo, ndipo chuma chimachokera kuchikazi kupita kuchimuna, ngakhale lamulo linaletsa zimenezi mu 1961. Amayi aja anandiuza kuti ankhoswe akabwera, amayamba ndi zachizolowezi, sukulu, ntchito, mtundu. Kenako wina amafunsa ngati mongocheza kuti kodi banja lino linkakhala kuti kale. Akamva dzina la dera la kufakitale, ena amamwa tiyi n'kutsanzika. Ena amakhala, koma mtengo umakwera. Pamene akananena njinga yamoto amawonjezera firiji ndi ndalama pamwamba, ati pakuti akudziika pachiswe. Mabanja ena agwiritsa ntchito chipukuta misozi chomwecho kukwatitsira ana awo aakazi.

Chipukuta misozicho n'chochepa mochititsa manyazi. Boma la India linkafuna madola 3.3 biliyoni, koma mu 1989 linagwirizana ndi Union Carbide pa madola 470 miliyoni. Ovulala ambiri analandira ma rupee 25,000, pafupifupi madola 500, kenako ndalama yofanana nayo khoti litalamula mu 2004 kuti zotsala zigawidwe. Mafomu anali ndi malo a imfa, kuvulala kwakanthawi ndi kulumala. Malo olembapo kuti mwamuna anandisiya, kapena mwana wanga palibe womufunsira, panalibe. Warren Anderson, mkulu wa kampaniyo, anamangidwa ku Bhopal patangopita masiku ochepa ngozi itachitika, anatuluka pa belo, ndipo anamwalira ku America mu 2014 osabwererako kudzayankha mlandu. Akuluakulu asanu ndi awiri a nthambi ya ku India anapatsidwa zaka ziwiri aliyense mu 2010. Dow Chemical, yomwe inagula Union Carbide mu 2001, imati nkhaniyi inatha kale, ndipo mu 2023 khoti lalikulu linakana pempho la boma loti ndalama ziwonjezeredwe.

Amene sanatope ndi amayi omwewa. Rashida Bee, Msilamu, ndi Champa Devi Shukla, Mhindu, anakumana pa ntchito yopanga zipangizo za m'maofesi imene boma linatsegulira opulumuka. Mu 1989 anatsogolera anzawo kuyenda wapansi mpaka ku Delhi kukadandaula za malipiro. Mu 2004 analandira mphotho ya Goldman, ndipo ndalama zake anayambitsira Chingari Trust, komwe ana obadwa ndi ulumali amaphunzitsidwa kuyenda ndi kulankhula kwaulere. Nditafikako ndinaona amayi ndi agogo aakazi atakhala m'mbali mwa khoma, ana pamiyendo, akudikira nthawi yawo. Mayi wina ankawongola zala za mwana wake chimodzichimodzi uku akukambirana ndi mnzake mtengo wa anyezi. Abambo ndinawaona ochepa kwambiri. Kulinso chipatala cha Sambhavna, chotsegulidwa mu 1996, chomwe chimathandiza opulumuka kwaulere ndi mankhwala achizungu, zitsamba za Ayurveda ndi yoga. M'malo amenewa amayi osiyidwa amapezana, amadziwana nkhani, ndipo palibe amene amafunika kubisa kumene anabadwira.

Madzulo omaliza ndinamuitanira womasulira wanga chakudya pafupi ndi nyanja. Masiku onsewo ankalankhula za opulumuka ngati anthu ena, iye ali pambali. Tikudya ndi pamene anandiuza kuti mayi ake anakulira ku Kazi Camp, pafupi ndi fakitale, ndipo banja lawo linasamukira kummwera kwa mzinda iye ali wamng'ono, makamaka kuti keyala isinthe. Nditatulutsa foni kuti tijambulitse, anavomera, koma anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Anti, chonde musachiike pa Facebook pamodzi ndi nkhani ya fakitale." Mkulu wake anali atapeza banja, ndipo akuchimuna ankabwera mlungu wotsatira kudzakambirana tsiku laukwati.