Kudula ndi kutembenuza mapu a m'mapiri a ku Bembeke

Ntchito imene ndinapatsidwa sabata yathayi inali yokonza mapu a dera limene madzi ake amatsikira mu kamtsinje kena kochokera kumapiri a ku Bembeke n'kulowera ku chigwa cha ku Golomoti. Bungwe lathu likufuna kuthandiza makomiti a m'midzi kudzala mitengo ndi vetiva komanso kukumba ngalande zosunga madzi mvula isanayambe, ndipo alangizi a zaulimi anapempha mapu osonyeza kumene kuli kotsetsereka kwambiri, kumene kwatsala mitengo ndi kumene kukulimidwa. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500, motero madzi otsika m'mapirimo amabwera ndi liwiro ndipo amasiya zigwembe zimene zikudya minda chaka ndi chaka.

Mapu amene ndinali nawo anali atatu, onse a mtundu wa raster, ndiko kuti opangidwa ndi timabokosi tating'onoting'ono tofanana kukula, kalikonse kokhala ndi nambala yake. Oyamba anali a SRTM osonyeza kukwera kwa malo, amene NASA, bungwe la ku America loona za mlengalenga, inajambula mu February 2000, ndipo kabokosi kamodzi kamaimira mamita pafupifupi 30. Achiwiri anali a ESA WorldCover a chaka cha 2021, osonyeza zimene zaphimba nthaka, a mamita 10 pa kabokosi. Achitatu anali pepala lakale la sikelo ya 1:50,000 la Dipatimenti ya Surveys, limene tinakalisikanitsa pa shopu ina pa boma pano. Zonsezi ndinazigwira mu QGIS, pulogalamu yaulere imene maofesi ambiri a kuno amadalira chifukwa siilira ndalama za layisensi.

Lolemba linathera pa kudula. Mtsikana amene akuphunzira ntchito mu ofesi mwathu anali atayamba kale, ndipo anadula mapu a SRTM potsata malire a dera la zaulimi limene tikugwiramo ntchito, pogwiritsa ntchito chida cha Clip Raster by Mask Layer. Pakompyuta zinkaoneka zaudongo, koma ndinamupempha kuti asunge fayiloyo pambali tiyambirenso. Anandifunsa kuti, "Bwana, nanga si malire ndi omwewa amene alangizi atipatsa?" Funsolo linali loyenera. Vuto ndi lakuti madzi sadziwa malire a ofesi, ndipo mbali ina ya kumtunda kumene kamtsinjeko kamatolera madzi ake ili kunja kwa malirewo. Munthu akadula kaye kenaka n'kuuza kompyuta kuti iwerengere kumene madzi akuyenda, imayesa kuti dziko lathera pa mzere wodulawo, ndipo khwawa limene limasefukira mu January limaoneka ngati kangalande kopanda mphamvu. Kutsetsereka nakonso kumasokonekera m'mphepete, chifukwa kompyuta imakuwerengera poyerekeza kabokosi kamodzi ndi timabokosi tisanu n'titatu tozungulira, ndipo ta m'mphepete timakhala titalandidwa anzake. Choncho tinayamba ndi kusamutsa mapuwo kuchoka ku madigiri kupita ku mamita, pa njira yoyezera malo ya chigawo chathu cha dziko lapansi yotchedwa WGS 84 / UTM zone 36S, imene nambala yake yoizindikirira mu pulogalamu ndi EPSG:32736, tinawerengera kutsetsereka ndi mayendedwe a madzi pa dera lalikulu, ndipo kudula kunabwera pomalizira penipeni.

Podulapo pali tinthu tiwiri tosankha timene anthu ambiri amangotidumpha. Kamodzi kamauza pulogalamu kuti isunge kukula kwa timabokosi monga mmene tinalili, kena n'koika nambala yosonyeza malo opanda kanthu. Raster siingakhale ya m'mbali mokhotakhota monga mmene dera lilili. Nthawi zonse imakhala ya ngodya zinayi, ndipo malo otsala kunja kwa malire ayenera kudzazidwa ndi nambala ina yake. Akadzazidwa ndi 0 popanda kuuza pulogalamu kuti 0 ameneyu akutanthauza "palibe", mapu amatuluka ndi mkombero wakuda, ndipo choipitsitsa n'chakuti powerengera kukwera kwa dera lonse ziro zija zimawerengedwa ngati malo enieni a pamlingo wa nyanja. Ife tinaika -9999, nambala imene phiri lililonse silingakhale nayo.

Pepala lakale lija ndi limene linatidyera Lachiwiri ndi Lachitatu, ndipo magetsi atathima masana a Lachitatu tinapitiriza pa laputopu mpaka batire linatha. Linali lofunika chifukwa likusonyeza malire a nkhalango, mayina a timitsinje ndi midzi monga zinalili kalelo, zimene setilaiti singatiuze. Koma linasikanidwa mopendekeka, ndipo pakati pake pali mzere wa pamene linkapindidwa kwa zaka zambiri. Kupendekeka kwa digiri imodzi yokha kumaoneka kochepa pamaso, koma pa mtunda wa makilomita 10 kumasuntha malo ndi mamita pafupifupi 175, omwe ndi minda ingapo ya anthu. Apa kutembenuza raster yeniyeniyo kunali kosapeweka. Tinatsegula chida cha Georeferencer, chimene chimaika mapu osikana pamalo pake penipeni pa dziko, n'kuyamba kuika mfundo pamene mizere ya giridi (mizere yoyezera malo yosindikizidwa pa mapu) yadutsana, tikulemba manambala osindikizidwa m'mphepete mwa pepalalo. Njira ya Helmert imasuntha, kukuza ndi kutembenuza pepala lonse mofanana, ndipo ikanakwanira pepalalo likanakhala latsopano. Ili linafota mosiyana m'litali ndi m'lifupi, ndiye tinasankha Polynomial 1 imene imalola mbali ziwirizi kukokedwa mosiyana. Sindinafune kupita ku njira zopotokola kwambiri, chifukwa zimapangitsa kuti mfundo zimene waika zigwere ndendende pamalo pake koma pakati pa mfundozo misewu ndi mitsinje n'kupindika mmene sizilili.

Titamaliza, msewu wa pa pepala sunagwirizane ndi msewu wa pa chithunzi cha setilaiti. Unali utasuntha wonse mbali imodzi ndi mamita mazana angapo. Mnzanga wa mu ofesi ataona anati pepalalo likufunika kutembenuzidwanso, koma kusiyanako kunali kofanana paliponse, kumtunda ndi kumunsi komwe, pomwe kupendekeka kumasiya mpata umene umakula ukamatalikira pakati. Chifukwa chake n'chakuti mapu akale a dziko lino anayezedwa pa muyezo wakale wa Arc 1950, osati pa WGS 84 imene GPS ndi mafoni amagwiritsa ntchito. Manambala a m'mphepete aja ayenera kulembetsedwa ngati a EPSG:20936, ndipo pulogalamu ndi imene imawasandutsa kukhala a masiku ano. Titatero msewu unagwera pa msewu unzake.

Kudula mkombero wa pepalalo, umene uli ndi mutu, sikelo ndi tanthauzo la zizindikiro, kunationetsa kanthu kena. Mtsikana uja anaika 0 ngati nambala ya malo opanda kanthu kuti ngodya zakuda zobwera chifukwa cha kutembenuza zichoke. Ngodyazo zinachokadi, koma titakulitsa mapuwo tinapeza kuti zilembo za mayina a midzi zabooka timabowo, ndipo chithunzi cha pansi chinkaonekera m'kati mwa chilembo chilichonse, chifukwa inki yakuda nayonso nambala yake ndi 0. Kuika 255 kukanabowola malo oyera a pepalalo. Pa pepala losikana njira yabwino ndi kupempha pulogalamu kuti iwonjezere alpha band, gawo lapadera limene ntchito yake ndi kungonena kabokosi koyenera kuoneka ndi kosayenera, osakhudza mitundu.

Mkangano weniweni unabuka Lachinayi. Dera lathuli ndi lalitali ndi lopyapyala, ndipo lagona mopingasa, kotero kuti pa pepala la A3 linkatenga pakati pokha n'kusiya ngodya ziwiri zazikulu zopanda kanthu. Akuluakulu a pulojekiti anati, "Achimwene, tangotembenuzani mapu onsewa kuti deralo ligone bwino papepala, likule, anthu athe kuona minda yawo." Cholinga chawo chinali chabwino ndipo ndinagwirizana nacho, koma ndinakana kutembenuza mafayilo enieniwo. Kudula raster kuli ngati kudula nsalu ndi sizasi, pamene chotsalacho chimakhala nsalu yomwe ija, koma kuitembenuza ndi kumasula ulusi wonse n'kuiwombanso. Timabokosi tiyenera kukhalabe m'mizere yowongoka, motero pulogalamu imapanga timabokosi tatsopano n'kuganizira nambala yoti iike mu kalikonse. Pa mapu a WorldCover nambala 10 ndi mitengo, 30 ndi udzu, 40 ndi minda, 50 ndi malo a nyumba. Munthu akasankha njira ya bilinear, imene imatenga pakatikati pa manambala oyandikana, pamalire a nkhalango ndi mudzi pakhoza kutuluka 30, ndipo mapu adzasonyeza udzu pamene palibe udzu, pomwe pakati pa mitengo ndi minda padzatuluka manambala ngati 25 amene sakuimira chinthu chilichonse. Njira ya nearest neighbour, imene imangotenga nambala ya kabokosi koyandikira kwambiri, imasunga manambala enieniwo, komabe m'mphepete mwa nkhalango mumasanduka timasitepe ndipo mahekitala owerengedwa amasiyana pang'ono ndi oyamba aja.

Chimene chinawakhutiritsa akuluakuluwo si manambalawa ayi, koma nkhani ya dzuwa. Kuno kummwera kwa equator, m'miyezi ya June ndi July dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo mapiri oyang'ana kumpoto amawombedwa kwambiri n'kuuma msanga kusiyana ndi oyang'ana kummwera. Alangizi a zankhalango amaganizira zimenezi posankha malo a mbande. Pulogalamu imawerengera kumene phiri layang'ana poyesa kuti kumtunda kwa fayilo ndi kumpoto, ndiye fayilo ikatembenuzidwa ndi madigiri 40 ngati chithunzi wamba, phiri lililonse limanamiziridwa ndi madigiri 40 omwewo, ndipo munthu wina amene adzatsegule fayiloyo chaka chamawa sadzakhala ndi chomuchenjeza.

Zimene ankafunazo zinatheka popanda kukhudza fayilo ngakhale imodzi. Mu Print Layout, gawo la QGIS lokonzera mapu oti asindikizidwe, muli malo olembapo madigiri otembenuzira mapu pa pepala pokha, ndipo muvi wosonyeza kumpoto ukalumikizidwa ndi mapuwo umatembenuka nawo limodzi. Muviwo umapereka mwayi wosankha pakati pa kumpoto kwa giridi ndi kumpoto kwenikweni, koma kuno kusiyana kwake n'kochepa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a digiri, popeza Dedza siili kutali ndi mzere wa madigiri 33 umene uli pakati pa zone 36. Ndinasiya mizere ya giridi ionekere, ngakhale ikudutsa mopingasa, kuti wa GPS athe kudzipeza pa pepalalo.

Lachisanu tinapita nawo ku msonkhano wa komiti yoona zachilengedwe m'mudzi wina wa kumtunda. Agulupu anayala pepalalo pansi, anafunsa kuti msewu wotsikira ku Golomoti ndi uti, kenaka analizunguza mpaka msewu wa papepala unaloza kumene msewu weniweni ukulowera, ndipo muvi wanga uja sanaulabadire n'komwe. Atayang'anitsitsa malo amene tinawapaka zofiira anati, "Alangizi, chigwembe chachikulu chili kuseri kwa manda sichikuoneka apa." Ankanena zoona, pakuti chigwembe cha mamita asanu m'lifupi sichingaoneke pa kabokosi ka mamita 30, komanso mapu a SRTM anajambulidwa mu 2000 chigwembecho chisanakule chonchi. Mayi wina wa m'komitimo anawonjezera zigwembe zina ziwiri pojambula ndi bolopeni pa pepala lomwelo. Tinagwirizana kuti sabata ikubwerayi achinyamata a m'mudzimo ayende nafe ndi GPS kuchokera kumutu kwa chigwembe chilichonse mpaka kumene chathera, kuti mizereyo tidzaiike pamwamba pa mapu a kutsetsereka tisanawerengere kuchuluka kwa vetiva wofunika.