Mmene ndinalembera zilembo zoyera pa mabogi anga a malasha

Mabogi 6 a sitima yanga ya chidole anakhala pa shelefu miyezi itatu ali bii, opanda dzina, opanda nambala. Ndinali nditawapenta bwinobwino, mateyala akuyenda popanda kugwiragwira, koma amalume atabwera anangowayang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Mphwanga, bogi yopanda nambala si ya njanji ayi, ndi ngolo ya ng'ombe."

Kuno ku Ulónguè kulibe njanji. Matenda a sitimawa ndinatengera kwa amalume omwewo, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Moatize. Tili ana ankatisimbira za sitima ya malasha yopita ku Beira, ikuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana wa mu 1935, wotalika makilomita opitirira 3 ndi theka. Masiku ano malasha ambiri amadzera njanji ya Nacala, ya makilomita 912, yodutsa ku Malawi, ndipo mukaima pafupi ndi Moatize mutha kuwerenga mabogi opitirira 100 pa sitima imodzi. Njanji yanga ndi ya pa chitseko chakale chimene ndinachigoneka m'chipinda chakuseri, ya sikelo ya HO, kutanthauza 1:87, chilichonse n'chochepa ka 87 poyerekeza ndi chenicheni. Odziwa andiuza kuti njanji ya m'dziko muno ndi yotambalala 1,067 mm, choncho pa sikelo imeneyi inayenera kukhala ya 12 mm osati 16.5 mm ngati yangayi. Ndikudziwa. Ndinagula yomwe inapezeka.

Chomwe ndinkafuna chinali chochepa: zilembo za CFM (kampani ya njanji ya ku Mozambique) ndi manambala, zoyera, pa bogi yakuda. Anthu a zidole zotere amagwiritsa ntchito decal, kapulasitiki kopyapyala kwambiri kokhala pa pepala la guluu. Mukakaviika m'madzi kamatsetsereka n'kukamatika pa chidolecho ngati penti. Msuweni wanga wa ku Joni anandibweretsera mapepala ake a A4 amitundu iwiri, oyera ndi oonekera ngati galasi. Ine ndinkaganiza kuti zatha basi, kwatsala n'kusindikiza.

Ndinapita pa kashopu ka mafotokope n'kufunsa mnyamata wa pamenepo kuti, "Achimwene, printa yanuyi imalemba zoyera?"

Anandiyang'ana ngati ndamwa. "Zoyera? Pepalatu ndi loyera kale, bambo. Mukufunanso kuyeretsa chiyani?"

Ndinabwerera ndili wokhumudwa, koma mnyamatayo sanalakwitse. Printa wamba, ya inki kapena ya tona (inki ya ufa), ili ndi mitundu inayi yokha: yabuluu, yofiirira, yachikasu ndi yakuda. Pamene pakufunika kuyera imangosiya osalemba, kuti pepala lionekere. Mukaika pepala loonekera ngati galasi lija n'kuiuza kuti ilembe zilembo zoyera, limatuluka mmene linalowera.

Makina olemba zoyera alipo. Kale anthu ankadalira ma printa a ALPS, amene ankagwiritsa ntchito maliboni ndipo lina linali loyera, koma anasiya kuwapanga zaka zambiri zapitazo. Kuli ma printa a OKI okhala ndi tona yoyera. Kulinso kampani ya ku Germany ya Ghost, imene imagulitsa katiriji ya tona yoyera yolowetsa pamalo pa yakuda mu ma printa ena a HP. Mumajambula zilembo zanu zakuda pa kompyuta, printa n'kumaganiza kuti ikulemba zakuda, koma potuluka zili mbee. Njira imeneyi ndiyo yaukhondo kuposa zonse, sindikukana. Koma kugula printa ndi katiriji, kulipira zotumizira ndi msonkho, chifukwa cha mabogi 6, mayi a kunyumba akanandisamutsira m'chipinda cha sitima momwemo. Kutumiza chojambula kwa anthu akunja amene amasindikizira anzawo ma decal kumathekanso, koma mukalakwitsa nambala imodzi mudikiranso miyezi.

Nditapita ku Tete pa zina, ndinayesa kwa osindikiza ma T-shirt, chifukwa makina awo ali ndi inki yoyera. Anandipangira sitika ya mtundu umene amamata pa makapu. Kuyera kwake kunali kosangalatsa, koma inali yochindikala moti pa bogi inaoneka ngati chigamba cha pa chubu cha njinga, ndipo timanambala ting'onoting'ono tinagwirana. Sindinaitaye. Pa chikwangwani cha siteshoni yanga inakhala bwino kwambiri.

Zilembo zochita kukhutiza, zimene mumaika pepala pa bogi n'kupaka ndi pensulo kuti chilembo chitsale, zilipo zoyera, koma kalembedwe kake simusankha, ndipo kuziika chimodzichimodzi mu mzere wowongoka n'kovuta. Ndinaganizanso zodula sitensulo n'kupopera penti yoyera. Pa CFM zikanatheka, chifukwa C, F ndi M zilibe kachilumba pakati. Nanga 0, 6, 8 ndi 9? Pa msinkhu umene ndinkafunawo, lezala sangadule timabowo totero.

Msinkhuwo mumaupeza pogawa ndi 87. Chilembo chimene pa bogi yeniyeni ndi cha 30 cm, pa chidole chimakhala 3.4 mm. Nambala ya 10 cm imangopitirira pang'ono 1 mm, kuchepa kuposa kanjere ka mapira.

Choncho ndinayamba ndi pepala loyera lija. Nzeru yake ndi yoti musindikize mdima wozungulira chilembo, chilembocho n'kutsala choyera. Ndinasindikiza pa printa ya inki ya mnansi wanga, ndinadula, ndinaviika m'sosala ya madzi, ndipo ndikuyang'ana chonchi madzi anayamba kuda. Inki inasungunuka, CFM yanga n'kusanduka mtambo. Inki ya ma printa amenewa imasungunuka m'madzi, choncho imafunika kuisiya iume usiku wonse, kenako kuipopera vanishi wa m'chitini mopepuka kawiri kapena katatu musanayandikize madzi. Ulendo wachiwiri ndinatero ndipo inagwira. Vuto linatsala m'mphepete: pamene lezala wadutsa pamaoneka kamzere koyera kozungulira decal yonse, ngati kolala ya malaya a sukulu. Mutha kukabisa ndi kaburashi ka penti yakuda, ndipo ambiri amatero, koma dzanja langa linanjenjemera n'kudetsa phazi la F.

Usiku wina mawu a mnyamata wa mafotokope anandibwerera: pepala ndi loyera kale. Nanga bwanji bogiyo ikhale yoyera kale?

Iyi ndiyo njira imene inandithandiza, ndipo ndiifotokoza mwatsatanetsatane. Mbali ya bogi ya malasha ili ndi nthiti zoimirira, pakati pa nthitizo pali timagawo tosalala. Ndinasankha kagawo kolembapo, ndinamata tepi m'mbali, n'kupenta kabokosi koyera pakati pake, kocheperako pang'ono kuposa kagawo konseko. Penti yoyera pa yakuda siigwira ulendo umodzi. Ndinapaka katatu mopyapyala, chifukwa mukaunjika pamatsala kakhonde kooneka pansi pa decal. Itauma ndinapopera vanishi wonyezimira. Apa musadumphe: decal ikamatidwa pa penti yokhakhala, pansi pake pamatsala timpweya tosaoneka ndi maso, ndipo ikauma imatuwa ngati mamba a nsomba.

Za vanishi ndiwonjezere kamodzi, poti ndinaphunzira movutika. Kuno ku Angónia mu June m'mawa kumazizira ndipo kumagwa nkhungu. Bogi yoyamba ndinaipopera cha m'ma 6 koloko ndisanapite ku ntchito, vanishi n'kuchita chifunga choyera. Poperani masana dzuwa litakwera, chitini chitatenthedwako pang'ono padzuwa, kenako vundikirani ndi beseni kuti fumbi lisatere.

Chojambula ndinachipanga mu Inkscape, pulogalamu yaulere imene zilembo zake sizisweka mukazichepetsa. Ndinajambula kabokosi kakuda kofanana ndendende ndi kagawo ka pakati pa nthiti, zilembo zili zoyera mkati mwake. Zilembozo ndinazinenepetsako pang'ono, chifukwa tona yakuda imafalikira n'kudya m'mphepete mwa mizere yopyapyala. Manambala a 1 mm ndinawakweza kufika 1.5 mm. N'kunama pang'ono pa sikelo, koma nambala yowerengeka imaposa yolondola imene ikuoneka ngati chitosi cha ntchentche. M'munsi mwa tsamba ndinajambula mzere wa 50 mm woyezera, ndipo tsamba lonse ndinalidzaza ndi makope ambiri a decal iliyonse, podziwa kuti ena ndiwononga.

Ndinabwerera kwa mnyamata uja ndi PDF pa fulashi komanso pepala loonekera ngati galasi lija. Ataona pepala lonyezimira anakana. "Ayi bambo, limeneli lindiphera makina." Anali ndi chifukwa. Pepala la decal la printa ya inki lili ndi zopaka zimene zingasungunuke ndi kutentha kwa printa ya tona n'kumatirira mkati. Ndinamuonetsa paketi polembedwa kuti ili ndi la laser, kutanthauza printa ya tona, anawerenga kawiri, kenako anavomera. Tinayamba ndi pepala wamba. Nditayeza mzere uja ndi rula unali 48 mm, chifukwa kompyuta inachepetsa tsamba kuti likwane. Tinasankha tamanho real, kutanthauza kukula kwenikweni, tinayezanso, 50 mm. Kenako tinauza printa kuti pepala ndi lochindikala, tinalowetsa limodzi lokha pa kathireyi ka pambali, mbali yonyezimira ili koyenera. Tonse awiri tinakhala chete mpaka linatuluka.

Tona siisungunuka m'madzi, koma imatha kuthetheka pogwiragwira, choncho ndinapoperabe vanishi kamodzi mopepuka.

Pomata ndinayala zida pa tebulo: lezala watsopano, rula yachitsulo, sosala ya madzi ofunda pang'ono, kaburashi kofewa, kachotokosera m'mano, ndi kansalu ka thonje. Ndinadula motsata m'mphepete mwa kabokosi kakuda. Ndinaviika masekondi pafupifupi 15, ndinavuula, n'kuika pa nsalu kuti guluu afewe yekha. Mukaisiya m'madzi mpaka iyandame, guluu yense amatsukika. Pa bogi ndinadonthezapo madzi osakaniza ndi kadontho ka viniga woyera. Ogula m'masitolo a zidole amagwiritsa ntchito Micro Set ndi Micro Sol, koma pa malo osalala ngati awa viniga anakwanira. Ndinagunditsa pepala m'mphepete mwa kagawo kaja, ndinagwira decal ndi nsonga ya burashi, n'kukoka pepala pansi pake pang'onopang'ono.

Ili pa pepala inkaoneka ngati kabokosi kakuda chabe ka timabowo. Itangotsetserekera pa penti yoyera, CFM inatulukira mbee, ngati munthu wayatsa nyali kuseri kwake. Ndinaisuntha ndi kachotokosera mpaka inakhala pakati, kenako ndinafinya madzi ndi kansalu kuchokera pakati kupita m'mbali, mosindikiza osati mopukuta. Yachiwiri ndinapukuta, inapindika n'kung'ambika, ndiye ubwino wa makope ambiri aja.

Njirayi ili ndi malire ake. Imakomera chinthu chakuda, chifukwa chakuda cha tona ndi chakuda cha penti zimagwirizana msanga. Pa bogi yobiriwira kapena yofiira mudzavutika kufananitsa mtundu, komanso mitundu yowala ya printa imaonekera mkati, choncho kabokosi koyera ka pansi kamaonekera. Ngakhale yakudayo, pa mabogi awiri inaoneka yotuwirako pamwamba pa kabokosi koyera. Pamenepo malasha anandipulumutsa, poti bogi ya malasha siikhala yaukhondo. Patapita tsiku ndinapopera vanishi wosanyezimira pa bogi yonse, m'mphepete mwa decal n'kuzimiririka. Kenako ndinapera khala la pa mbaula pa sandipepa, ndinasakaniza ndi kafumbi ka choko chofiirira, n'kupaka ndi burashi youma kuchokera pamwamba kutsika, mmene mvula imatsitsira litsiro. Zilembo zinasiya kuwala ngati mano a mwana, zinayamba kuoneka ngati zayenda maulendo angapo kupita ku Beira.

Amalume anabweranso Loweruka lina. Anavala magalasi, ananyamula bogi imodzi n'kuiyandikiza pa windo, akuwerenga nambala mokweza ngati ali pa ntchito. Anatenga yachiwiri, yachitatu. Pa yachinayi anaima.

"Iyi ndi ija yoyamba zili ndi nambala imodzi."

Ndinayang'ana. Zinalidi choncho. Pa makope aja ndinadula ofanana kawiri.

"Ku Moatize mukanayankha mlandu, mphwanga," anatero akuibweza pa njanji. Mabogi awiriwo pano ndimawaika kutalikirana, ina kumbuyo kwa injini, ina kumchira, ndipo pepala loonekera latsala limodzi lokha mpaka msuweni adzabwerenso pa Khirisimasi.