Akukangana ku City Hall, ana akulembera pa bondo

Ndangotsika taxi ya ku Alex (Alexandra, ku Joni kuno), njira yonse adalaiva anatsegula wailesi tikumvera aphungu a chigawo cha Gauteng akukokanakokana za masukulu m'nyumba yawo ya malamulo ku City Hall, aliyense akuti boma lisinthe kagwiridwe ka ntchito. Koma abale, zoyankhula zokoma tinazimva kale ife.

Chikundiwawa ndi ichi, masukulu a quintile 1 mpaka 3, omwe ndi a m'madera osauka, salipiritsa fizi inde, koma kamwana ka achemwali anga kamabwera kope lake litapindikapindika chifukwa desiki imodzi akhalapo atatu, iko kamalembera pa bondo, pomwe ukangowoloka msewu wa M1 kulowa Sandton ukupeza sukulu ili ndi laibulale mpaka dziwe losambira. Lamulo la zamaphunziro la BELA lomwe a Ramaphosa anasaina mu 2024 likuti Grade R, kalasi yomwe ana amalowa asanayambe Grade 1, ndi yokakamiza, chabwino, nanga makalasi akewo ali kuti?

Ndiye ife a kumudzi timaopa ngakhale kufunsa kamba ka mapepala, chonsecho khothi linagamula kale mu 2019 kuti mwana wopanda mapepala asabwezedwe pa sukulu. Alipo pano amene analembetsa wake chaka chino, zinayenda bwanji?