Kutapa ndalama n'kosakwanira ngati sitolo ikuzikana

Boma likanena kuti liteteza mwayi wa anthu wopeza ndalama zapamanja, ambiri timangoganiza za makina a ATM. Komatu ndalamayo kuti iyende pamafunika potapa, sitolo yoilandira, ndiponso poti mwini sitolo akaisungitse. Posungitsa pakatalika, wamalonda amatopa ndi kugona ndi ndalama m'kabati, kenako amangomata chikalata pakhomo kuti alandira khadi basi.

Ku Britain lamulo la Financial Services and Markets Act la 2023 linapatsa bungwe la FCA, loyang'anira mabanki ndi makampani a zachuma, mphamvu pa nkhaniyi, ndipo malamulo a bungweli anayamba kugwira ntchito pa 18 September 2024. Boma likufuna kuti anthu ambiri a m'tauni azipeza potapa ndi posungitsa pamtunda wosaposa mailo imodzi, akumidzi mailosi atatu, ndipo mwini akaunti yakeyake asamalipitsidwe. Banki ikafuna kutseka nthambi, bungwe la LINK, lolumikiza makina a ATM m'dzikomo, limayamba launika deralo: kwatsala makina angati, ulendo wopita kunthambi ina ndi wautali bwanji, amalonda akasintha kuti ndalama zachitsulo. Likapeza kuti anthu avutika, nthambiyo siyenera kutsekedwa mpaka njira ina itakonzeka. Nthawi zina njirayo imakhala banking hub, nyumba imodzi ya mabanki angapo, kauntala ikuyendetsedwa ndi Post Office, antchito a mabankiwo n'kumabwera mosinthana masiku. Anthu a m'deralo nawonso ali ndi ufulu wopempha kuti kwawo kuunikidwe.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti lamuloli silikakamiza sitolo kulandira ndalama zapamanja. Wokalamba, wolumala, kapena mayi amene mwamuna wake amamulondalonda pa akaunti, angathe kutapa bwinobwino koma n'kubwezedwa pakauntala ya sitolo.

Norway inaona vuto limeneli. Kuyambira pa 1 October 2024, wogulitsa pamalo ake amalonda ayenera kulandira ndalama zapamanja mpaka makrone (ndalama za dzikolo) 20,000. Sweden inayambira mbali ina: kuyambira 2021 mabanki akuluakulu akukakamizidwa kuonetsetsa kuti anthu okhala kutali makilomita oposa 25 ndi potapa asapitirire 0.3 peresenti ya anthu onse m'dzikomo, ndipo palinso mlingo wina wa posungitsa ndalama za mabizinesi. Boma la kumeneko limalangizanso mabanja kusunga ndalama zokwanira sabata imodzi, chifukwa magetsi kapena intaneti zikazima, makina a khadi amathanso kuima.